Mawu anga anali m'foni ya amene anandinenera kwa akulu

Moni kwa inu nonse okondedwa mwa Ambuye, amene mumandidziwa ndi amene mwangoona izi pa foni ya mnzanu. Umboni uwu ndikadakonda kuunena nditaima kutsogolo kwa mpingo, koma ndikulemba chifukwa mawu anga anapita. Anandichita opaleshoni ya pakhosi, moyo unatsala, mawu sanabwerere. Ndikalankhula lero, munthu amayenera kubweretsa khutu pafupi ndi pakamwa panga.

Dzina langa ndine Esinati, mkazi wa a Mwale. Timakhala ku Kanakantapa, timalima chimanga ndi matimati. Amene anandidziwa kale akudziwa kuti ndinali wolongolola. Amuna anga ankati safunika kugula wailesi poti anaikwatira kale. Pa ukwati wathu Mulungu sanatipatse mwana. Tinayenda m'zipatala, tinasala kudya, kenako tinangokhala. Ana amene ndinapatsidwa ndi a Sande sukulu, ndipo ndikanena choncho sindikukometsa nkhani. Ndinkadziwa amene wabwera osadya, amene amaopa agalu, ndi amene amayi ake akudwala. Lamulungu m'mawa ndi pamene ndinkakhala mayi.

Ndinaphunzira ndekha kujambula makatuni pa foni, tizithunzi toyenda tija. Ndinali ndi bulu wamakani dzina lake Samva, ndi Mai Nkhanga okonda miseche. Tizithunzi tanga tinalibe mawu. Ndinkatsamiritsa foni pa mpando pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, ana n'kuunjikana, ine n'kumalankhula m'malo mwa nyamazo pomwepo. Ndinkachita dala, chifukwa Samva ankatha kuitana mwana ndi dzina, n'kumufunsa chifukwa chimene wamenyera mlongo wake. Ana ankakhulupirira kuti bulu uja amawadziwa.

Si onse anakondwera nazo. Mai Zulu, wapampando wa chigwirizano cha amayi, ankati n'chipongwe kuika mawu a m'Baibulo pakamwa pa nyama. Ndinawakumbutsa za bulu wa Balamu, ndipo ndiyenera kuti ndinakumbutsa mokweza kwambiri, chifukwa kuyambira pamenepo anayamba kubwera ku kalasi yanga. Ankakhala kutsogolo pakati pa ana, chitenje pamiyendo, nkhope ili gwa. Ine ndinkaganiza kuti mwina ayamba kukopeka. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti pansi pa chitenjecho panali foni, ankandijambula mawu kuti akaperekere umboni kwa akulu a mpingo. Akuluwo anamvetsera, ena anaseka, n'kugamula kuti ndipitirize, koma bulu asamapemphere. Kuchokera apo ine ndi Mai Zulu tinkapatsana moni wa nsonga za zala.

Tsoka silinunkha. Pakhosi panga panayamba kutupa pang'onopang'ono, mpaka kumeza kunavuta ndipo kugona chagada kunkandibanika. Anandichita opaleshoni ku chipatala china ku Lusaka. Nditatsitsimuka ndinafuna kupempha madzi, panangotuluka mpweya. Adokotala anati chotupacho chinali chitakuta mtsempha wa mawu, tidikire miyezi ingapo, mwina abwerera. Tinadikira. Mvula inagwa, chimanga chinamera, chinamasula, ine ndikunong'onabe.

Tsiku limene ndinabwerera ku kalasi sindidzaliiwala. Ana anandithamangira, ndinaika foni pa mpando, Samva anatulukira akugwedeza makutu. Ndinatsegula pakamwa ndi mphamvu zanga zonse, koma mphepo ya m'masamba a mango inkamveka kuposa ine. Ana a kumbuyo anayamba kutsinana. Kamtsikana kena, Tisa, kamene kankakonda kukhala pamapazi panga, kanafunsa ngati Samva wadwala. Ndinavomera ndi mutu.

A Mwale anayesa kundithandiza. Ndinkawalembera, iwo n'kumawerenga. Ndi munthu wabwino mwamuna wanga, koma ankawerenga mawu a bulu ngati zolengeza za maliro. Amayi ena awiri anayesanso, manyazi n'kuwagwira. Ana anayamba kuchepa. Ena ankafika, n'kusuzumira, n'kupita kukasewera mpira kumsewu.

Mng'ono wanga amakhala ku Silverest, kufupi ndi Lusaka, ndipo kunyumba kwake intaneti imagwira bwino. Iye ndi amene anandiuza kuti kuli mapulogalamu amene munthu umalemba mawu, makina n'kuwalankhula, ndipo opanga makatuni ambiri amagwiritsa ntchito zimenezo. Ndinayamba kukwera minibasi pafupipafupi, fumbi lili m'maso, kukakhala pa kompyuta yake tsiku lonse.

Abale anga, ndinafufuza mpaka maso kuwawa. Mawu analipo ambirimbiri, a nkhalamba, a ana, a zilombo, a mafumu, koma pafupifupi onse a Chingelezi. Ana anga a ku Kanakantapa Chingelezi amachimva cha moni ndi cha kusukulu basi. Ndinayesa kulemba Chinyanja kuti makinawo awerenge. Chimene chinatuluka ngakhale ine wolemba sindinachimve. Ndinasankha pulogalamu imene inkayesako pang'ono, ndinapita nayo ku kalasi. Samva atayamba kulankhula ndi mawu achilendo aja, ana okulirapo anaseka mpaka kugubuduka, koma Tisa analira. Anati uyu si Samva, Samva amuba. Ndinazimitsa foni n'kuwauza ndi manja kuti aziimba.

Patapita nthawi ndinapeza mtundu wina wa pulogalamu. Iyi umaipatsa mawu a munthu ojambulidwa, imawaphunzira, kenako imawerenga zimene walemba ndi mawu a munthu yemweyo. Ndinawerenga malangizo ake kawiri. Inkafuna mawu omveka bwino, olankhulidwa kwa nthawi yotalikirapo. Ndinati zimenezo n'zosavuta, munthu amene ndalongolola moyo wanga wonse.

Apa ndi pamene ndinasowa mtengo wogwira. Ndinafufuza m'foni yanga, munalibe. Ine sindinkatumiza mauthenga a mawu, ndinkakonda kuimba foni kuti munthu andiyankhe. Makatuni anga onse anali opanda mawu. Mng'ono wanga anapeza vidiyo ya kwaya, koma ndinali pakati pa amayi ambiri, sindinkamveka pandekha. Tinakumbukira vidiyo ya ukwati wathu, a Mwale anaifukula m'sutikesi. Tinaionera yonse. Mkwatibwi uja anali atawerama, maso pansi, pakamwa potseka, monga alangizi anandiuzira. Tsiku limodzi lokha limene ndinajambulidwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi tsiku limene ndinakhala chete. Amuna anga anafuna kuseka, atandiyang'ana anasiya.

Ndinayesa kujambula kunong'ona kwangaku. Makina anaphunzira mokhulupirika, n'kundibwezera bulu wonong'ona.

Ndinataya mtima, ndipo sindibisa. Ndinkafunsa Mulungu kuti munandimana ana a m'mimba, ndinavomera, nanga awa mukundilandiranji? Ndinkapemphera ngati Hana, milomo yokha ikugwedera, koma Hana anayankhidwa, ine ayi. Akulu a mpingo anabwera kunyumba mwaulemu wonse. Anati ana sangakhale opanda mphunzitsi, ndipumule, kalasi aigwirizire Mai Zulu, ndipo tikamaliza kukolola adzagamula zokhazikika. Sanalakwe. Koma pa anthu onse a mumpingo, kalasi yanga inapita kwa munthu ameneyo.

Ndinasiya kupita kutchalitchi. Lamulungu ndinkapita kudimba, kumene kulibe wondifunsa funso. Nyimbo za ana zinkamveka kuchokera kutali mphepo ikalunjika kwathu, ine n'kumathirira matimati amene ndathirira kale. Ndinachotsa pulogalamu yojambulira pa foni. Ana ena akandiona panjira ankandipatsa moni ngati mlendo, ndipo ang'onoang'ono obwera kumene sankandidziwa n'komwe. Ndinayamba kuiwala mmene mawu anga ankamvekera. Ndinkayesa kuwakumbukira m'mutu, osabwera. Chimenechi chinandiopsa kuposa opaleshoni.

Sindinadziwe kuti a Mwale anapereka nkhaniyi pa mapemphero a mkati mwa sabata. Munthu wosalankhulalankhula uja anaima n'kupempha kuti ngati alipo amene ali ndi mawu a mkazi wake m'foni, ngakhale pang'ono, amuthandize. Akuti anthu anayang'anizana, palibe anayankha. Panapita masabata angapo.

Tsiku lina masana ndili kudimba ndinaona munthu akutsika ndi njira ya kumtsinje. Anali Mai Zulu. Ndinaganiza kuti abwera kudzatenga mabuku a kalasi amene ndinali ndisanabweze. Anaima m'mphepete mwa bedi la matimati, sanakhale pansi. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa foni yakale yong'aluka galasi, yomangidwa ndi mphira.

"Amai Mwale, mau yanu yali muno," anatero. "Sininafufute. Nenze nasunga kuti nikapeleke ku bakulu ba ku Lusaka, cifukwa aba ba kuno banakulekelelani."

Anapitiriza kuti atamva pempho la amuna anga anakhala chete dala, chifukwa ankaona kuti Mulungu ndiye waweruza nkhani ya bulu uja. Koma ana awasautsa. Lamulungu lililonse amawafunsa kuti Samva achira liti, ndipo Tisa amapempherera buluyo ndi dzina pa pemphero lotsekera. Anati anamuletsa kawiri, kachitatu analephera.

"Nikali kukamba kuti nyama siifunika kupemphela," anatero akundipatsa foniyo. "Koma mwana akapemphelela nyama, ine nizacita bwanji?"

Ndinagwira dzanja lawo lonse, osati nsonga za zala.

M'mawa mwake ndinali pa minibasi yoyamba ya ku Silverest. Foniyo inavuta kuyaka, tinachita kuisiya pa magetsi nthawi yaitali. Itayaka tinapeza zonse zilimo, Lamulungu ndi Lamulungu, zosungidwa bwino monga amasungira munthu amene akukonzekera mlandu. Chifukwa Mai Zulu ankakhala kutsogolo kuti asaphonye liwu limodzi loipa, mawu anga anamveka bwino kwambiri. Mng'ono wanga atatsegula yoyamba, ndinamva mkazi wina akuseka, akukalipira bulu, akuitana ana ndi maina. Zinanditengera kanthawi kuti ndizindikire kuti ndine. Ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa thanki ya madzi.

Ntchito inali yaikulu. Tinkadula phokoso la ana, kulira kwa atambala, ndi kutsonya kwa Mai Zulu kumene kunkamveka ndikangotchula vesi. Zotsalazo tinapatsa makina. Sindikunamizani kuti zinatuluka zangwiro. Mawu ena amawatsimphinitsa, ena ndimachita kuwalemba mwanjira ina kuti awatchule bwino. Saseka ngati ine, ndipo sangayankhe mwana pomwepo, ndimayenera kulemba zonse Loweruka. Koma munthu wondidziwa akamva amatembenuka.

Lamulungu lotsatira ndinapita kuseri kwa tchalitchi. Ana anali ochepa. Mai Zulu anandisiyira mpando, iwo n'kunyamula kasipika kamene tinabwereka. Samva anatulukira, anagwedeza makutu, n'kunena kuti wamva kuti pali mwana wina dzina lake Tisa amene wakhala akumupempherera, ndiye wabwera kudzathokoza. Kenako mnyamata wina anathamangira kumsewu kukaitana anzake a mpira.

Tisa sanaseke. Anayang'ana foni, n'kuyang'ana pakamwa panga pamene panali potseka. Anaimirira, anabwera, n'kuika kadzanja kake pa chipsera cha pakhosi panga.

"Ba ticha, Samva wapola. Nanga imwe?"

Ndinamunong'oneza kukhutu kuti ine ndikadali kudikira. Anati ndiye ayamba kupempherera ine.

Titamaliza kukolola akulu anagamula kuti kalasi tiziphunzitsa awiri. Mai Zulu amatsogolera nyimbo ndi kuyankha mafunso, ine ndimabweretsa Samva ndi Mai Nkhanga. Timatsutsanabe. Loweruka amabwera kudzaona zimene ndalemba, ndipo akapeza bulu wayandikira pemphero amandiuza kuti ndichotse.

Adokotala anandiuza ulendo watha kuti ndisayembekezerenso zambiri. Masiku ena zimandiwawa ngati poyamba, makamaka mwana akagwa patali ine n'kulephera kumuitana. Choncho sindikulemba ngati munthu amene zonse zamuyendera. Ndikulemba kuthokoza Mulungu amene anasunga mawu anga m'manja mwa munthu amene sindikadamupempha ngakhale mchere. Ndikuthokoza a Mwale amene anaima pamaso pa anthu m'malo mwanga, mng'ono wanga, ndi inu Mai Zulu, ndikudziwa kuti muwerenga n'kutsonya.

Inu amene mwapemphera mpaka kutopa, amene chinthu chanu chimodzi chokha chija chatengedwa, musaleke. Ine ndinaleka, ndinakakhala kudimba, koma mwana wamng'ono anapitiriza m'malo mwanga. Zonse za kalasi ndimalemba kuti makina anene, kupatula pemphero lotsekera. Limenelo ndimanena ndekha ndi kampweya kamene kanatsalaka. Ana amasendera pafupi, amaweramitsa mitu mpaka kugundana, ndipo amamva mpaka Amen.