Mapu Amene Anandimangitsa

Abusa, akulu a mpingo, amayi athu, abale ndi alongo nonse, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire, chifukwa ngakhale ine amene zinandichitikira sindikumvetsabe.

Ambiri mukudziwa kuti nditamaliza maphunziro a zaulimi ndinatumizidwa kunja kukachita digiri yachiwiri. Koma chimene ndikuphunzira ndi ochepa amene amachidziwa. Ena mumati ndinapita kukaphunzira kudzala maluwa. Sekani, amayi, ndinamva! Maphunziro ake ndi a kakonzedwe ka malo. Munthu umayang'ana dziko, n'kuona kumene madzi amadzera, pamene nyumba ingakhale, pamene msewu ungadutse, pamene mitengo ingagwire nthaka. Ukatero umajambula zonse papepala.

Aphunzitsi athu anati aliyense asankhe malo enieni oti akonze. Anzanga anasankha mabwalo a m'mizinda. Ine ndinati ayi, ndipita kwathu kwa Mlolo, kumene madzi amatithamangitsa chaka ndi chaka. Ndinabwera ndi chingwe choyezera, ndodo ya manambala ndi mapepala akuluakulu. Wondigwirira ndodo anali mkulu wanga, wobadwa naye bere limodzi, amene anali atabwera kuchokera kodula nzimbe. Milungu itatu tikuyenda limodzi padzuwa lija mukulidziwa, kuyambira kumadimba mpaka m'mbali mwa Ruo.

Tsiku lina masana, ndili pansi pa mtengo ndikulemba, inaima galimoto. Anatsika amuna atatu. Sanandipatse moni. Mmodzi anangoti, "Pindani mapepalawo, tiyeni." Ndinafunsa, "Ndalakwanji, bwana?" Anati, "Mukafunsa konko."

Abale, mukudziwa nthawi imene tikukhalayi. Sinditchula kumene ananditengera, ndipo musadzandifunse panja. Kutsidya kwa Ruo mfuti zikulira. Tsono taganizani: munthu wochokera kunja, ali ndi mapu a m'malire, pamapupo pali mivi, pali timitanda tofiira. Atayala pepala langa patebulo, ine mwini ndinaliona ndi maso awo. Ndinati, Yesu, ndadzikumbira ndekha manda ndi pensulo!

"Mivi iyi ikuloza kuti?"

"Ndi njira ya madzi, bwana."

"Timitanda iti?"

"Ndi pamene ndikufuna tidzale mitengo."

Anaseka. Anati, "Munthu angakwere ndege kukaphunzira kudzala mitengo? Agogo ako anakwera ndege iti?" Anati mivi ndi njira za zigawenga, timitanda ndi pobisa zida. Mawa lake mafunso omwewo. Mkuja mafunso omwewo. Milungu isanu ndi umodzi, abale. Milungu isanu ndi umodzi! Mkazi wanga akuyenda ofesi ndi ofesi ndi mwana kumbuyo, aliyense akumuuza kuti dzina limenelo sakulidziwa. Ine kupemphera kunandikanika. Ndimangoti, "Baba, Baba," basi, mawu ena osatuluka.

Ndiye tsiku lina kunabwera mkulu wina amene ndinali ndisanamuonepo, wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Anakhala pansi, nayang'ana mapu aja nthawi yaitali. Kenaka anaika chala pa muvi umodzi.

"Apa pali mtengo wa bwemba?"

Ndinati, "Ulipo, bwana. Waukulu, wopendekeka."

"Ndipo ukuti madzi amakhota apa, osati kumunsi uku?"

"Amakhota pomwepo. Nthaka yake ndi yotsika, ngakhale ndi maso sizioneka."

Anavula magalasi. Abale, munthu uja anayamba kulankhula Chisena! Anati, "Amayi anga anakwatiwa mudzi umenewu. Nyumba yawo inali kuseri kwa bwembayu. Madzi anabwera njira yomwe wajambulayi, ndipo mlongo wanga sitinamupeze mpaka lero." Anatembenukira anzake aja n'kunena kuti, "Uyu si kazitape. Wajambula madzi uyu."

Ndani anamutuma munthu ameneyu? Mwa akuluakulu onse a dziko lino, ndani anasankha mwana wa kuseri kwa bwemba? Ndiyankheni, mpingo! Ndani?

Koma musayambe kuwomba m'manja, sindinathe. Pondimasula, mkulu uja anatsegula faelo kuti ndisaine. Pamwamba panali kalata imene inandinenera. Sanafune kundionetsa, koma maso anga anagwerapo. Abale, zilembo zija ndimazidziwa. Dzanja limene linalemba kalata ija ndi lomwe linandigwira dzanja pondiphunzitsa kulemba dzina langa pamchenga. Achimwene anga. Amene amandigwirira ndodo.

Cholembera chinagwa. Kumangidwa kuja sikunandipweteke ngati mphindi imeneyo. Ndinatuluka panja, dzuwa lili phwee, koma ine osaona njira. Pobwerera kumudzi, pa Bangula ndinakhala pansi pamsika ngati wamisala, amayi ogulitsa nsomba akundifunsa ngati ndadwala. Mumtima ndimangoti, achimwene? Achimwene anga enieni?

Nditafika kumudzi ndinawapeza atakhala pakhonde, ataonda kuposa ine wochoka m'chitolokosi. Atandiona anagwa chafufumimba. Ndinati, "Achimwene, chifukwa chiyani?"

Anati, "Mng'ono wanga, ndinaona wajambula nyumba zathu kumtunda. Ndinati boma likaona pepala ili litisamutsa, tisiye dimba la bambo, tisiye manda a mayi. Ndimaganiza kuti angokulanda mapepala, ubwerere kusukulu. Sindimadziwa kuti akutenga iwe. Nditaona galimoto ija ndinafuna kufa."

Milungu itatu tikuyenda limodzi, ine sindinawafotokozere n'kamodzi komwe chimene ndimajambula. Ndimangoti, "Imani apo, sunthani uko," ngati ndikulamula waganyu. Sukulu inandikuza mutu, abale. Ndimakonzera anthu malo osawafunsa eni malowo. Dimba silimachoka, manda samachoka, zonse zinali papepala pomwepo, koma ndani anawaonetsa? Ndinagwada pafumbi pomwe anagwapo, tinalira ngati pamaliro.

Sindikunamizani kuti mtima wapola. Pena ndikawaona chimandibaya. Koma mapepala anga anandibwezera onse, kusukulu andilola kupitiriza, ndipo sabata yathayi tayezanso kumadimba, iwo akundiuza pamene madzi anafika chaka chimene ine ndinali ndisanabadwe. Zimene akudziwa achimwene, aphunzitsi anga kunja kuja sazidziwa.

Ali muno m'tchalitchi. Musatembenuke! Chonde musatembenuke, maso anu akhale kuno. Anandipempha okha kuti ndinene zonsezi pamaso panu, chifukwa iwo pakamwa pakuwalemera.

Takhuta, inde zikomo, Baba wakumwamba. Munanditulutsa kumene anthu satuluka, ndipo simunalole kuti nditaye mbale wanga. Zikomo abusa, zikomo amayi amene mumamutengera mkazi wanga ufa anthu ena akuopa ngakhale kumupatsa moni.

Tsopano imirirani nonse mukondwere nane. Amayi, nthungululu zimveke mpaka kutsidya! Ndipo amene mwakhala pafupi ndi achimwene anga, agwireni dzanja, aimirire nawo. Aleluya!