Bulu Walumbira pa Ukwati

Pamsika wa La Cancha ku Cochabamba, Doña Remigia anali pamzere wa kwa wokonza makamera, akuseka okha, mpaka bambo wachipewa amene anali kumbuyo kwawo analephera kupirira.

"Mayi, tigawireniko tisekere limodzi."

"Ndi vidiyo ya ukwati wa mwana wanga, bambo. Kamera yatsopano, zithunzi zowala mpaka thukuta kuwerengeka. Koma tikaika pakompyuta, mawu akutsalira m'mbuyo."

"Makompyuta akale amatero, imawalemera. Yanga imachita kudumphadumpha."

"Yanuyo bola! Ansembe akufunsa, mkamwini wanga akutsegula pakamwa, kukutuluka kulira kwa bulu amene anali panja!"

"Nthiti zanga ine! Nanga 'inde' wakeyo wathera kuti?"

"Akufika kamera itatembenukira kukhomo. Buluyo ndiye akulonjeza kumukonda mpaka imfa!"

"Basitu, mwana wanu wakwatiwa ndi bulu!"

"Musaseke, akuchimuna akubwera Lamlungu kudzaonera. Mwanayo walira, akuti alendowo akaiona chonchi, iye sadzandiyankhulanso."

"Ndiye aikonze lero lomwe."

"Akonze ya alendowo. Ya buluyo andisungire ine. Chimudziwireni, mkamwini wangayu sanayankhulepo zomveka chonchi."