Masutikesi Awiri a Bambo Sidiki

A Sidiki ndi munthu woti akagwira mfundo, ngakhale mutaitana mashehe khumi sangawasunthe. Boma la Amereka litatseka maofesi ake chifukwa chokanganirana bajeti, iwo analawirira kuchoka ku Germantown ndi masutikesi awiri opanda kanthu, ulendo wa ku Hyattsville kukatenga mwana wawo Shamim, amene mmawa umenewo anali ndi mayeso kuyunivesite.

"Longedza," anatero a Sidiki, nsapato asanavule n'komwe.

"Ndilongedze chiyani, adadi?" Shamim anafunsa.

"Zonse. Boma latseka."

"Latseka maofesi ake. Ine ndili ndi mayeso teni koloko."

"Nafenso tinali ndi mayeso, kukoleji kwathu kuja. Boma litatseka anatipatsa maola awiri, apolisi ali pageti. Tinakhala kumudzi mpaka chimanga chinacha."

"Kuno apolisi pageti palibe. Ndipo geti lenilenilo palibe."

"Aa, nanga atseka bwanji?"

"N'zimene ndikunena."

"Usandiphunzitse." Anatola ketulo n'kuiponya m'sutikesi. "Ukuti palibe chimene chaima pasukulupo?"

"Chilipo. Profesa wathu akudikira yankho la boma pa kafukufuku wake wa udzudzu. Ofesiyo sikuyankha mafoni."

"Waona? Amayamba ndi udzudzu, kenako inu."

"Udzudzuwo uli bwinobwino, adadi. Ndinaudyetsa dzulo."

A Sidiki anatola buku lalikulu patebulo. Shamim analigwira mbali inayo, ndipo anakokana.

"Limeneli ndi la mayeso. Ndikaphonya, ndibwereza chaka."

"Bola kubwereza chaka kusiyana n'kuthamangitsidwa ndi utsi wokhetsa misozi. Ine zinthuzi ndinaziona ndi maso angawa."

Shamim anayang'ana foni yake kuti aone nthawi, kenako anawayang'ana bambo ake.

"Adadi, lero ndi Lachitatu. Nyumba ya boma imene mumalondera ija mwasiyira ndani?"

A Sidiki anasiya bukulo, n'kuyamba kukanda m'khosi.

"Atiuza kuti tidikire kunyumba."

"Mpaka liti?"

"Sananene."

"Ndiye amene mwabwezedwa kumudzi ndi inuyo."

Kunena zoona, a Sidiki anamvetsa chisoni. Anakhala pampando. Kenako anaimirira, makiyi a galimoto m'manja.

"Tiye ndikakusiye, ungachedwe," anatero motsitsa mawu. "Koma tandiuza, kulaibulale kwanuko amalola munthu wamkulu kukhalako mpaka faivi? Amayi ako akudziwa kuti ndili kuntchito."