Ndinakhala Pamiyendo pa Mkamwini Wanga

Aulutsi, dzina langa libiseni. Pamsika wa mbuzi ku Nsaru amandidziwa kuti sindigonja pamtengo.

Mkamwini wanga amadumphitsa alendo m'ndege ndi parachuti ku Joni. Nditapita kukacheza ndinamunyoza: "Ntchito yanuyi ndi masewera a ana, eti?"

"Mukayese, bambo," anatero, mwana wanga akumva. Ndikanakana bwanji?

M'ndegemo anandikhazika pamiyendo pake, munthu amene kwathu sitikhalira mphasa imodzi, n'kundimangirira pachifuwa pake ndi malamba. Chitseko chitatseguka ndinayamba kunenerera: "Tibwerere, ndikupatsani mbuzi ziwiri. Zinayi. Khola lonse." Tinadumpha ine ndikulira mayi anga.

Sanauzepo munthu, ngakhale mkazi wake. Akabwera kumudzi amandipatsabe moni atanjuta, maso pansi. Koma woyang'ana pansi kwambiri ndimakhala ine.