Nambala ya Boma pa Makina Anga Osokera

Ine, amene kumsika amanditchula kuti Mayi Zipi, wa zaka 56, telala, wokhala kuseri kwa chigayo cha kumunsi kwa msika, ndikupereka umboni pa nkhani ya mwana wanga wamkazi, wa zaka 23, amene ali m'chitokosi muno chifukwa akuti waba makina osokera a boma. Mwandiuza kuti ndinene zokhazo zimene ndinaona ndi kumva ndekha. Ndiyesetsa, bwana, ngakhale kuti zimene ndinaonazo ineyo sindikuzimvetsa.

Ndimasokera pakhonde la sitolo ya nsapato. Makina anga ndi akuda, opondera, akale ndithu. Anandigulira malemu amuna anga mwana ameneyu asanabadwe. Lamba wake ndinamulumikiza ndi waya, ndipo kadilowa ka kumanja sikatseguka pokhapokha utakamenya kaye chibakera.

Mwanayu kunyumba timangomuti Chitsiriza, poti ndiye womaliza. Kuyambira ali wamng'ono ankakana kuphunzira kusoka. Ndikamuuza kuti khala apa ndikuonetse, ankayankha kuti utelala ndi ntchito yopinda msana. Atamaliza sukulu anakhala pakhomo zaka zingapo ntchito osaipeza, kumangodzuka, kusesa, n'kukagonanso. Kumayambiriro kwa chaka chino kunamveka kuti boma lapereka thandizo la ndalama ku koleji ya ntchito zamanja ya m'dera lathu, kuti achinyamata aziphunzira kuwotcherera, ukalipentala ndi kusoka osalipira kanthu, ndipo pomaliza adzalandire satifiketi. Chitsiriza anakalembetsa yekha osandiuza, n'kusankha kusoka. Nditamva sindinamukumbutse za msana zija. Ndinangomusokera siketi yatsopano yopitira kusukuluko.

Mwezi woyamba ankabwera kunyumba ndi madiresi odula pa nyuzipepala. Nditamufunsa kuti makina adzawagwira liti, anati makina sanafike, aphunzitsi akuwayeserezetsa kuponda pa thabwa. Ndinaseka, iye anakwiya.

Masabata atatu apitawo, Lolemba m'mawa, pakhonde panga panafika aphunzitsi a zosoka a ku kolejiko, bambo aatali oyenda ndi tepi m'khosi. Anandiuza kuti ndalama za boma zimabwera m'magawo awiri. Gawo loyamba anakonzera kalasi ndi kugulira mipando. Lachiwiri ndiye la makina, koma silibwera mpaka akuluakulu a ku unduna atadzaona okha kuti ophunzira ayamba kusoka. Ndinawafunsa kuti nanga ayamba kusoka ndi chiyani poti makina kulibe. Anati n'chifukwa chake abwera kwa ine. Alendowo ankabwera Lachitatu, ndiye ankapempha kuti ndiwabwereke makina anga tsiku limodzi lokha, ndipo matelala ena a mumsika anali atavomera kale. Mawu awo ndikuwakumbukira bwino. Anati, “Dzuwa lisanalowe, mayi, makina anu akhala ali pompano, ndi mafuta omwe tiwathira.”

Ndinavomera chifukwa cha mwana.

Lachitatu m'mawa ine ndi Chitsiriza tinakweza makinawo pa wilibala ya mwini sitolo n'kuwakankha mpaka ku koleji, mtunda wa kilomita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Matelala anzanga atatula awo anauzidwa kuti azipita, kuti alendo asawaone. Ine sindisiya makina anga ndi anthu achilendo. Ndinaima panja pa zenera ngati kholo lodikira mwana.

Alendo anafika cha m'ma 11 koloko pa galimoto yoyera, amuna awiri ndi mayi mmodzi. Chitsiriza anakhala pa makina anga. Aka kanali koyamba kumuona akusoka. Mayi wa ku unduna uja ananyamula kansalu kamene Chitsiriza anasoka n'kukaonetsa anzake, ndipo ine mzere wake ndinauona ndili pazenera pomwepo. Unali wowongoka kuposa mmene ine ndinkasokera chaka changa choyamba. Ndinasangalala mpaka kuiwala kuti ndabisala.

Mmodzi wa alendowo anafunsa chifukwa chimene makina onse anali akale. Akulu a koleji, bambo a magalasi, anayankha kuti anagula ogwiritsidwapo kale ntchito pofuna kusamala ndalama za boma. Alendo anawomba m'manja. Kenako bambo wamfupi anatsegula chikwama, n'kutulutsa kachitini ka penti ndi kaburashi, n'kuyamba kulemba manambala oyera pakhosi pa makina alionse. Atafika pa anga ndinagogoda zenera. Akulu a koleji anatuluka msanga, anandigwira pachigongono n'kunditengera kuseri kwa kalasi. Anati, “Mayi, ndi utoto chabe umenewo, umachoka ndi parafini. Chonde musatiyalutse alendo ali pano.” Ndinawamvera.

Alendo ananyamuka masana. Ndinakweza makina anga pa wilibala, koma nditafika pageti mlonda anandiimitsa. Anati chinthu chilichonse chokhala ndi nambala ya boma sichituluka pageti pamenepo. Mlondayu amandidziwa bwino. Ndinamuloza thalauzi limene anavala n'kumufunsa kuti chigamba cha pabondo anamusokera ndani. Anati, “Ndinu, mayi, pa makina omwewa. Koma nthawi imeneyo analibe nambala.” Ndinamuyang'ana kuti mwina akuseka, koma sankaseka.

Ndinabwerera kwa akulu a koleji. Anati ndibwere Lolemba, zikhala zitakonzeka. Lolemba anati tidikire kaye kuti gawo lachiwiri la ndalama lifike, makina atsopano akabwera athu atuluka. Matelala anzanga anapitako kukachita phokoso, koma nawonso anabwerera chimanjamanja. Awiri mwa iwo ali ndi makina ena kunyumba, enawo akubwereka kwa abale. Ine ndili ndi amodzi omwewa.

Sabata yotsatira aphunzitsi a tepi aja anabweranso pakhonde panga, akuyang'ana pansi. Anati ku unduna anena kuti poti koleji yathu ili ndi makina kale, ndipo yawagula mosamala, ndalama za makina azipereka ku koleji ina imene ilibe. Ndinawapempha kuti abwereze. Anabwereza. Ndinawafunsa kuti ndiye kuti tinabwereketsa makina kuti makina abwere, ndipo makina sabwera chifukwa tinabwereketsa makina? Anati, “Mwamvetsa bwino, mayi.” Bwana, palibe chimene ndinamvetsa. Mutu unangondizungulira.

Ndinapempha kuti bola ndizipita kukasokera ku koleji komweko ophunzira akaweruka. Anati katundu wa boma amagwira ndi ophunzira okha. Aphunzitsi aja anati ndiye ndilembetse ngati wophunzira. Ndinapita ku ofesi, ine telala wa imvi, kukapempha kuti andiphunzitse kusoka pa makina anga. Kalaliki anandiuza kuti zaka zanga zapitirira.

Kuyambira pamenepo ndakhala pakhonde paja ndi sizasi ndi singano ya pamanja, kumasokera anthu mabatani. Ndili ndi mayunifolomu a kwaya ya kutchalitchi amene akufunika Lamlungu likudzali. Nsalu anagula okha, ndinaidula kale, ili m'thumba. Mayi wotsogolera kwayayo amadutsa tsiku lililonse, ndipo masiku ano sakhalanso pansi. Pamene Chitsiriza amabwera madzulo alionse nkhope ikuwala, kumandiuza kuti lero aphunzira kuika kolala, kuti kalasi yonse ikudziwa zoti kadilowa kaja kamafuna chibakera.

Mwandifunsa ngati ndinamutuma kuti akatenge makinawo. Sindinamutume. Koma dzana madzulo, tikutsuka mbale, ndinamuuza kuti, “Iwe ukuphunzira, ine ndikufa ndi njala, makina ake amodzi omwewo.” Anapukuta m'manja n'kulowa kuchipinda.

Dzulo masana mayi wogulitsa zipatso pageti la koleji anandithamangira kudzandiuza kuti mwana wanga wagwidwa. Nditafika ndinapeza Chitsiriza atakhala pansi kunja kwa geti, atakumbatira mutu wa makina umene anaukulunga m'juzi yake. Anali atauchotsa pathebulo lake nthawi ya chakudya, anzake ali panja. Mlonda uja anali atamugwira pamkono, ndipo ophunzira ena anaima chapatali akuonerera. Atandiona anati, “Amayi, ndimafuna musoke za kwaya zija. Lolemba ndikanabweza.” Mlonda anali ataimbira kale apolisi, akuti ndi mmene lamulo la pageti limanenera. Akulu a koleji anali atapita kumsonkhano.

Galimoto yanu itafika ndinauza wapolisi mnzanu kuti makinawo ndi anga. Anandilozera nambala. Ndinamuuza kuti nambalayo yangolembedwa posachedwa, ine ndikuona. Anati ndiye kuti ndikuvomereza kuti inalembedwa ndi boma. Ndinati inde. Anati ndiye palibe vuto, n'kumukweza mwana wanga kumbuyo pamodzi ndi mutu wa makinawo.

Lero m'mawa akulu a koleji anabwera kunyumba kwanga. Anakana mpando, anakhala pa sitepe n'kuvula magalasi. Anati, “Mayi, mukakanena kupolisi kuti makinawo ndi anu, unduna udziwa kuti tinaonetsa makina obwereka. Atseka maphunziro onse. Ana onse aja, ndi wanu yemwe, abwerera kunyumba opanda satifiketi.” Ndinawafunsa kuti ndikanene chiyani tsono. Anati ndikanene kuti ndi a koleji, iwo adzamupepesera Chitsiriza ngati mwana amene wangolakwitsa. Ndinafunsa ngati dzina lake lilembedwe kuti ndi wakuba. Anati mwina, pang'ono. Sindikudziwa kuti wakuba pang'ono amakhala wotani. Ndinafunsanso ngati adzabwerere m'kalasi. Anati malamulo amati wakuba katundu wa boma achotsedwe, koma iwo ayesetsa.

Ndinawauza kuti andithandize kuganiza, poti mutu wanga ndi wa telala. Ndikanena kuti ndi anga, mwana aluza sukulu. Ndikanena kuti ndi anu, aluza sukulu ndi dzina lomwe. Kodi ndi choncho? Anangopukuta magalasi awo. Sindikunena kuti ndi munthu woipa, bwana, ndipo sindikunena kuti anadya ndalama. Mipando ndinaiona, kalasi ndinaiona, mwana wanga kolala akuika. Chimene sindikuchiona ndi amene walakwa, poti aliyense amene ndamufunsa akuti akutsata lamulo.

Ndisanakhale pa benchi ino munandilola kumuona Chitsiriza. Wavalabe siketi ija. Ndinkaganiza kuti andipempha kuti ndimutulutse. M'malo mwake anagwira zitsulo za chitseko n'kunena kuti, “Amayi, nenani kuti ndi a boma. Anzanga aja asavutike chifukwa cha ine.” Ndinamufunsa kuti iwe, ukudziwa chimene ukunena? Anati akudziwa. Ndinachokapo, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati ndinyadire kapena ndimukalipire.

Mwandifunsa kangapo kuti makinawo ndi a ndani, ine kumangozungulira. Ana ajawo ndikuwadziwa, ena amayi awo ndimawasokera. Ndikuwamvera chisoni, ndipo ndikuopa. Koma dzulo ndinaona pamene munkamudinditsa mwana wanga zala. Chala chake cholozera cha kumanzere chili ndi chikhadabo chogawanika pakati. Ali ndi zaka zinayi anachilowetsa pansi pa singano ine ndikuponda, pa makina omwewa amene ali pa kauntala yanu. Ndinamubereka kuthamangira naye kuchipatala, ulusi ukulendewera pachala. Tsiku limenelo boma kunalibe. Chala chimenecho sindingalole kuti chikhale m'mabuku anu ngati cha wakuba.

Ndiye lembani kuti makinawo ndi anga, ndipo mwana wanga sanabe. Ananyamula katundu wa mayi ake kupita naye kwa mayi ake. Cha boma pamenepo ndi nambala yokha. Akaifuna abwere ndi parafini adzaitenge.

Za maphunziro aja sindikudziwa kuti zitha bwanji, ndipo sindikudziwa ngati Chitsiriza akatuluka andilankhule. Makina akabwerera pakhonde paja ndidzamuuzanso kuti khala apa ndikuonetse. Kaya adzakhala.

Zimene ndikudziwa zathera pamenepa. Andiwerengera zonse, ndipo ndi mmene ndanenera.

Wopereka umboni: Mayi Zipi, telala ____________________

Wolemba umboni: wapolisi wa pa kauntala ____________________