Buku Lokalamba ndi Chikwama Chimene Anandilanda pa Maliro

Abale ndi alongo amene mumawerenga zolemba zanga pano, a ku Katete kuno, a ku Sinda, a ku Vubwi ndi ena akutali, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine sindine munthu wolankhula zambiri, ndipo amene timapemphera limodzi akudziwa kuti nthawi ya maumboni ndimangokhala chete pa benchi. Koma ichi ndachisunga nthawi yaitali, ndipo mtima wandiuza kuti kubisa zabwino zimene Mulungu wachita ndi kusayamika. Ndi nkhani ya mmene ntchito inandithera, ndi mmene buku limodzi linatsala pang'ono kunditayitsa ina.

Ndinagwira ntchito zaka zambiri m'kasitolo kena m'tauni ya Katete, kotayipira anthu makalata ndi kupanga fotokope. Anthu atayamba kuchita zonse pa mafoni awo, makasitomala anachepa, ndipo tsiku lina eni sitolo anandiuza kuti akutseka. Sanandilakwire. Ananditsanzika bwino, nandipatsa laputopu yakale imene ndinkagwirira ntchito. Koma munthu wa msinkhu wanga, wa ana a pasukulu, kukhala pakhomo dzuwa lili pamutu anzako ali kuntchito, ndi chinthu cholemera. Akazi anga, amake Limbani, sanadandaule pamaso panga. Anangoti zikakanika tibwerere kumudzi kwathu kufupi ndi Mkaika, tikalime thonje ndi nshawa, zimene ena amati mtedza. Kulima sindikunyoza, ndiko kunandilera. Chimene chinkandipweteka n'chakuti ana akanasiya sukulu imene anaizolowera, wamkulu ali pafupi ndi mayeso.

Khomo linatseguka kudzera mwa amayi Tembo, amene ali ndi nyumba yogona alendo m'mbali mwa msewu waukulu. Nthawi ya Kulamba, mwambo wa Achewa umene umachitikira ku Mkaika, zipinda zawo zimadzaza, ndipo chaka chapitacho panali patabuka mkangano chifukwa chipinda chimodzi chinalonjezedwa kwa mabanja awiri, lina la ku Malawi, lina la ku Lusaka. Ankafuna webusaiti yoti mlendo asankhe chipinda ndi tsiku pa foni yake, ndipo chipinda chikatengedwa chisapezekenso kwa wina. Poti ankandiona pa kompyuta zaka zonsezo, anaganiza kuti ndikudziwa zonse. Anati ndikaimaliza Kulamba isanafike adzandilemba ntchito yoyang'anira zimenezi ndi zina za mu ofesi, koma ndikalephera adzaitana anthu a ku Lusaka. Ndinawauza zoona, kuti tsamba looneka ndi maso ndimatha kulikonza, koma za kuseri ndiyenera kuphunzira. Anati, "Phunzirani, a Mwale, nthawi ilipo."

Kwa amene simukuzidziwa, za kuseri ndi izi. Mlendo akalemba dzina lake n'kutumiza, mawuwo amapita ku kompyuta ina yotchedwa seva. Kumeneko kuyenera kukhala pulogalamu yowalandira ndi kuwaika mu databesi, imene ili ngati nkhokwe yosungamo mayina, masiku ndi zipinda. Nditafunsafunsa ndinamva kuti ambiri amalemba mapulogalamu otere m'chiyankhulo cha PHP, ndipo nkhokwe imene amakonda ndi MySQL. Kuphunzira pa mavidiyo sindikanatha, chifukwa mabandulo a intaneti amatha msanga, komanso ine ndimamva bwino chinthu chikakhala papepala. Choncho ndinakwera minibasi kupita ku Chipata kukafuna buku.

Ndinapeza munthu wogulitsa mabuku ogwiritsidwa kale ntchito pakhonde la sitolo ina. Anali nawo angapo a nkhaniyi, ndipo ine ndinasankha lonenepa kuposa onse, lachikuto cholimba, mapepala ake atayamba kufiira. Ndinaganiza kuti buku lalikulu ndiye kuti muli zonse, ndipo lakale ndiye kuti linayesedwa ndi ambiri. Moyo wanga wonse ndakhala ndi mabuku osakalamba. Baibulo la malemu atate anga ndimaliwerengabe, ndipo buku langa la masamu la ku sekondale ndimaphunzitsira ana mpaka lero. Sindinkadziwa kuti pali mabuku ena amene amafa chikuto chikadali cholimba.

Mitu yoyamba inayenda bwino. Nditafika polumikiza pulogalamu ndi nkhokwe, zonse zinaima. Ndinkakopera mizere ya m'buku monga ilili, chilembo ndi chilembo, koma kompyuta inkayankha kuti lamulo limenelo sikulidziwa. Ndinafufuta n'kulembanso. Ndinachotsa mapulogalamu onse n'kuikanso. Ndinapita ndi laputopu kwa wokonza mafoni pamsika, iye anati ilibe vuto. Pamenepo ndinayamba kukhulupirira kuti vuto ndi mutu wanga, kuti zinthu izi ndi za achinyamata ndipo ine ndachedwa. Anthu anakolola chimanga, mphepo ya Juni inafika, thonje linayamba kugulidwa, ine ndili pa tsamba lomwelo. Amayi Tembo akandiona pamsewu ankangofunsa kuti zikuyenda bwanji, ine n'kuyankha kuti ndikuyesa. Pemphero langa linafupika kwambiri masiku amenewo. Ndinkangoti, Ambuye, ngati njira iyi si yanga ndiuzeni ndisiye, ngati ndi yanga ndionetseni pamene ndaphonya.

Yankho linabwera pa maliro. Amalume anga anamwalira ku Sinda, ndipo ndinapita ndi kachikwama kanga, bukulo lili momwemo, poti ndinali nditazolowera kuyenda nalo kulikonse. Mukudziwa za chimbuya, kuti pa maliro a ife a kum'mawa Abemba amakhala ndi ufulu wotiseka, kutipaka ufa kumaso ndi kutilanda zinthu, kuti mitima ipepuke. Titabwerako kumanda, mayi wina wa Chibemba anandipaka ufa pamphumi n'kunditsomphola chikwama. Sindinkawadziwa n'komwe. Pambuyo pake ndinamva kuti ndi amayi Mulenga, ophunzitsa makompyuta pa sukulu ina ya sekondale kumeneko.

"Tione muli mbewa zingati umu," anatero, anthu akuseka, poti Abemba amatinyoza kuti ndife odya mbewa. Atatulutsa bukulo anatsegula masamba oyambirira, naseka mpaka kugwira m'mimba. "Mbuya, buku ili munalandira kwa agogo anu? Bwenzi titalikwirira pamodzi ndi amalume anu lero!"

"Inu odya anyani mudziwa chiyani za mabuku?" ndinayankha, monga mwambo ufunira. "Bwezani chuma cha eni."

"Chuma ichi? Lekani ndikuuzeni pamene mwakanirira. Polumikiza databesi, si choncho? Kompyuta ikuti lamulo sikulidziwa."

Kuseka kwanga kunathera pomwepo. Ndinawafunsa kuti adziwa bwanji. Tinakhala pamthunzi wa mtengo wa mango, ufa uli kumaso, ndipo anandifotokozera mofatsa. Chiyankhulo cha PHP chimasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndipo malamulo amene buku langa linkaphunzitsa anachotsedwamo kalekale. Ine ndinali ndi PHP yatsopano pa laputopu, ndi buku la PHP yakale m'manja. Ngakhale ndikanakopera mpaka chaka chamawa, sizikanatheka. Anandifunsa ngati ndimagula mbewu ya chimanga osayang'ana tsiku lolembedwa pathumba. Ndinati ayi. Anati buku la makompyuta n'chimodzimodzi. Munthu ayambe waona chaka chimene linasindikizidwa ndi nambala ya PHP imene likuphunzitsa, ayerekeze ndi imene ili pa kompyuta yake, kenako ndiye aone zina.

Zinazo ndinazimvetsera ngati ulaliki. Anati buku labwino kwa woyamba ndi limene limamanga chinthu chimodzi kuchokera pa maziko mpaka denga, osati lodzaza mitu yambirimbiri yosalumikizana. Anati ndione ngati muli mutu wa chitetezo, chifukwa pali anthu amene m'malo molemba dzina m'kabokosi amalembamo malamulo oti nkhokwe iulule kapena ifufute zonse, ndipo buku losaphunzitsa kutseka khomo limenelo ndi loopsa kwa eni nyumba ndi alendo omwe. Za databesi anati ndiphunzire padera, m'kabuku kakekake, ndipo ndiyambe ndajambula papepala kuti alendo akhala pati, zipinda pati, masiku pati, ndisanalembe mzere uliwonse. Pomaliza anati chikwama sindichitenga ulere, ndikawapatse ndowa ya nshawa. Ndinavomera.

Sabata yotsatira ndinabwerera ku Sinda ndi nshawazo, ndipo anandibwereka mabuku awiri opyapyala, lina la PHP yamakono, lina la databesi. Onse pamodzi sankafika theka la langa lija. Tsiku limene ndinalemba dzina langa m'kabokosi n'kulipeza litakhala mu nkhokwe, ndinaitana amake Limbani kuti adzaone. Iwo anangoona kamzere kamodzi ka zilembo, koma ataona nkhope yanga anayamba kuimba nyimbo yoyamika ali chiimire pakhomo. Sikuti zonse zinaphweka kuchokera pamenepo. Magetsi ankazima, Chingerezi china chinkandivuta, ndipo kawirikawiri ndinkaimbira foni amayi Mulenga, amene ankayamba andinyoza za mbewa asanandiyankhe. Koma tsopano ndikaphonya, kuphonyako kunkapezeka ndipo kunkakonzeka.

Kulamba itayandikira ndinaika webusaiti ija pa intaneti n'kupita kwa amayi Tembo. Sanafune kufotokozeredwa zambiri. Anaimbira mng'ono wawo wa ku Vubwi kuti atenge chipinda chachitatu pa foni yake, kenako iwo eni anayesa kutenga chipinda chomwecho, tsiku lomwelo. Foni inawayankha kuti chipinda chatengedwa, asankhe china. Anayesanso, inakananso.

"Yandikana ine mwini nyumba!" anatero akuseka. "Lolemba mubwere muyambe, a Mwale."

Ndili pa ntchito imeneyo mpaka lero. Alendo a Kulamba anagona aliyense m'chipinda chake, ndipo ana anga sanasiye sukulu yawo. Sitinalemere ayi, koma pakhomo pali mtendere, ndipo m'mawa ndimadzuka ndikudziwa kumene ndikupita.

Ndikuthokoza Mulungu amene amamva ngakhale pemphero la mizere iwiri. Sindinaganizepo kuti thandizo lingachokere pa maliro, kwa munthu wondiseka pagulu, koma Iye ali ndi njira zake. Ndikuthokoza amayi Tembo chifukwa chodikira, amayi Mulenga chifukwa cha mabuku ndi chipongwe chawo chomwe, ndi amake Limbani chifukwa sanandifulumize.

Inu amene ntchito yakutherani muli pa msinkhu ngati wanga, musafulumire kudziweruza kuti mutu watha. Nthawi zina khama lilipo, pemphero lilipo, koma chida chili m'manja n'cholakwika, ndipo angakuuzeni zimenezo ndi munthu yekhayo amene mwamuonetsa. Ine ndinasenza vuto langa miyezi ndili chete, mpaka Mulungu anachita kundilanditsa chikwama. Inu musadikire kulandidwa. Tsegulani nokha, onetsani wodziwa, ndipo musaleke kupemphera. Ambuye akusungeni nonse, Abemba omwe.