Bawuti Imene Bambo Kuramochi Anapala

Malemu Bambo Shigeharu Kuramochi, apongozi anga, anabadwa pa 9 Malichi 1922 kuno ku Saiki, m'banja la asodzi. Sukulu analekeza panjira n'kukaphunzira umakaniko.

Mu 1941 analowa usilikali wapamadzi, ndipo ankakonza ndege zozonda adani, zija zotera pamadzi ndi timabwato tiwiri kunsi. Nkhondo inawathera ali ku mtsinje wa Saigon mu 1945. Atamva kuti ndege yawo iperekedwa kwa asilikali apamadzi a ku France, mtima unawapweteka, ndipo anapala ndi tupa bawuti yogwira kabwato kamodzi kuti idzathyoke potera. Mkwiyo utaphwa anafuna kukaisintha, koma n'kuti atatsekeredwa kale kumsasa wa akaidi. Anawabweza kuno mu 1946, osadziwa chimene chinachitika. Ndegeyo inkanyamula anthu atatu.

Mu 1949 anamanga banja ndi Mayi Tomie, n'kuyamba kukonza mainjini a maboti. Asodzinu mukukumbukira, bawuti imodzi ankabwereza kuimanga katatu, mpaka munawatcha Achidodo. Nafenso tinkang'ung'udza, osadziwa kuti mumtima anasenza maliro a anthu atatu.

Anaulula za bawuti ija mu Januwale chaka chino cha 1998, madokotala atawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Anati, "Ana inu, mlandu suwola. Ndifufuzireni ngati ndinapha anthu." Kunena zoona, tinaopa yankho lake. Komabe mdzukulu wawo Sanae analemba makalata khumi ndi anayi ku France.

Yankho linafika pa 2 Juni kuchokera kwa Bambo Yves Kervella, makaniko amene analandira ndegeyo. Bawutiyo anaiona tsiku loyamba lomwelo n'kuisintha, ndipo ndegeyo inauluka zaka ziwiri popanda ngozi. Pomaliza analemba kuti, "Achimwene, kapalidwe kanu kanali kaulesi, ngakhale wakhungu akanaona." Malemu, amene sankalola munthu kunyoza ntchito yawo, anaseka mpaka kutsokomola, kenako analira. Tsiku limenelo anaitanitsa okha mpunga ndi nsomba.

Anatisiya pa 11 Juni. Asiya mayi athu, ana atatu ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anamwino, ansembe, asodzi amene mwaimika maboti lero, komanso Bambo Kervella chifukwa sanachedwe kuyankha.

Tikulira, inde, koma mitima yathu ili m'malo. Zaka zoposa makumi asanu bambo athu ankadziyesa wakupha, koma apita akudziwa kuti anyamata atatu aja anatera bwino. Mtendere umenewo anaulawa masiku asanu ndi anayi okha. Tsopano mzimu wawo uuse mu mtenderewo mpaka kalekale.